Bwanji anthu a m'nthano ndi m'mafilimu amangokhala omwewomwewo?

Thoko: Anthu a pagulu pano ndili ndi funso landizunguza mutu. Mwaona kuti mafilimu ambiri, ngakhale nthano zakalekale, anthu ake amangokhala omwewomwewo? Pamakhala mwana wamasiye kapena wonyozeka amene mapeto ake ndi amene amapulumutsa onse, pamakhala nkhalamba yomupatsa nzeru kenako imafa nkhani ili pakati, pamakhala tambwali wina woseketsa, nde mdani amene ukamuyang'anitsitsa amafanana ndi ngwazi yomweyo. Filimu ya ku India, ya ku Korea, ya ku Nigeria, ya ku America, zonse chimodzimodzi. Amakoperana kapena mitu yathu anthufe ndi imene inapangidwa choncho?

Yamie: amakoperana basi kkkk olemba mafilimu ulesi

Thoko: Yamie nanga nthano za makolo zija, agogo a ku China ndi agogo a ku Ghana ankakoperana pa intaneti iti?

Mphatso: Achemwali funso lanuli linamusowetsanso tulo munthu wina dzina lake Carl Jung, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Switzerland, anabadwa 1875 nkumwalira 1961. Iyeyu anayambira ntchito pachipatala cha Burghölzli ku Zürich, nde pomvetsera maloto ndi zobwebweta za odwala ake ankaona ngati zikufanana kwambiri ndi nthano zakale za mitundu ina zoti odwalawo mwina sanazimvepo nkomwe. Poyamba anali mnzake wa Sigmund Freud, dokotala wina wotchuka wa za maganizo, anakumana 1907 ku Vienna, koma pofika 1913 anali atasiyana. Chifukwa china chinali chakuti Freud ankati zobisika za m'maganizo mwa munthu zimachokera pa zimene iyeyo anakumana nazo makamaka ali mwana komanso zilakolako zimene anazipondereza, pomwe Jung ankati pansi pa zimenezo palinso gawo lina lakuya limene tonse timabadwa nalo lofanana. M'gawo limenelo ndi momwe muli zimene anazitcha ma archetype. Mayi, mwana, nkhalamba yanzeru, tambwali, ngwazi, komanso china chomwe anachitcha chithunzithunzi, mbali ya iwe mwini imene sufuna kuivomera. Nde kwa Jung anthu sachita kukoperana, aliyense akuzitulutsa mkati mwake.

Dalitso: Pepani a Mphatso koma apa ndakana. Mukutanthauza kuti khanda likamabadwa limakhala lili kale ndi chithunzi cha nkhalamba ya ndevu zoyera itagwira ndodo m'mutu mwake? Chimalowa bwanji mmenemo, chimadutsa mu DNA? Zomwe munthu waona kapena kumva pa moyo wake sizipita kwa ana kudzera m'magazi ayi.

Mphatso: Ayi achimwene, Jung yemweyo anabwereza kangapo kuti chobadwa nacho si chithunzicho. Ndevu, ndodo, mkanjo, zimenezo amaikapo ndi anthu a dera limenelo. Chobadwa nacho ndi kachizolowezi ka maganizo koyembekezera kuti pali wina wamkulu wodziwa zinthu amene angandiongolere, monga mmene khanda limabadwira likuyembekezera woliyamwitsa ngakhale silinamuonepo. Kwina wamkuluyo amakhala nkhalamba, kwina mzimu, kwina nyama yolankhula yomwe wakumana nayo kutchire.

aPhiri: Ndalowa mochedwa ana anga koma nkhaniyi ndi yanga. Zimene akunena Mphatso tiziganize ngati chikombole choumbira njerwa. Chikombole chilibe dothi, dothi limachokera pamalo pomwe ukuumbirapo, nchifukwa chake njerwa zina zimatuluka zofiira zina zotuwa koma kukula kwake kumodzi. Tsopano amene anaziyesa zimenezi pa nthano zenizeni osati pa maloto anali Vladimir Propp wa ku Russia. Mu 1928 anatulutsa kafukufuku wake pa nthano 100, ndipo anapeza kuti ngakhale mayina ndi malo zimasintha, zochitika zake zimachokera pa mndandanda umodzi wa zinthu 31 ndipo zimabwera motsatana chimodzimodzi. Wina achoka pakhomo, paikidwa lamulo, lamulolo liswedwa, mdani achita choipa, ngwazi inyamuka, ikumana ndi woiyesa amene aipatsa chinthu chamatsenga, mpaka kukathera paukwati. Si nthano iliyonse ili ndi zonse 31, koma zimene zilipozo sizidumphana. Anthu ake anawagawa magulu 7 okha. Chimene ndimamukondera Propp nchakuti sanalowe za gawo lakuya la maganizo, anangowerenga nkulemba zomwe anaona, ndipo nthano zake zinali za ku Russia zokhazokha, aliyense atha kuzitenga nkuwerenganso yekha kuti aone ngati ananama.

Yamie: 31 kkkk madala ine ndimaona ngati ndi zitatu, anakumana, anadana, anakwatirana

aPhiri: Seka Yamie koma tamva iyi. Nthano ya Cinderella ambiri amaiyesa ya Azungu chifukwa cha Charles Perrault amene anailemba ku France mu 1697 ndi nsapato yagalasi ija. Koma ku China munthu wina dzina lake Duan Chengshi analemba nthano ya mtsikana Ye Xian zaka za m'ma 800. Makolo ake amwalira, atsala ndi mayi womupeza wankhanza. Akuweta nsomba padziwe, ndiye bwenzi lake lokhalo, mayi uja aipha nkuidya. Mtsikana asunga minga ya nsombayo ndipo mingayo imamupatsa chilichonse chimene wapempha. Tsiku la chikondwerero avala zovala zokongola, mayi uja ndi mwana wake ayamba kumuzindikira, iye athawa nkutaya nsapato imodzi yagolide, nsapatoyo ikafika kwa mfumu, mfumu iyamba kufunafuna mwini wake. Ndipo kale kuposa pamenepo Strabo wa Chigiriki analemba za Rhodopis ku Egypt, amene chiwombankhanga chinamutengera nsapato akusamba nkukaigwetsera pamiyendo pa mfumu. Akatswiri a nthano anachita kupanga kaundula wa zoterezi, anayamba Antti Aarne wa ku Finland mu 1910, anapitiriza Stith Thompson, nkudzakonzanso Hans-Jörg Uther mu 2004, ndipo ya Cinderella nambala yake ndi 510A.

Dalitso: Madala zikomo, koma chitsanzo chanucho chikuthandiza ine osati Jung. Mwana wamasiye wozunzidwa ndi mayi womupeza, chabwino, zimenezo zimachitika paliponse. Koma nsapato imodzi yotayika yomwe mfumu ikufunira mwini wake? Palibe angandiuze kuti tinabadwa ndi archetype ya nsapato. Kanthu kakang'ono kotero kakapezeka m'mayiko awiri ine ndimati nthanoyo inayenda, amalonda, akapolo, asilikali, akazi okwatiwa kutali, onsewa ankayenda ndi nthano pakamwa. Chitsanzo chosakanika ndi cha Kalulu. Mesa tonse timaidziwa ija ya chitsime, nyama zikumba iye akana, kenako azibwera kudzaba madzi, mpaka Kamba adzipaka ulimbo kumsana, Kalulu amenya ndi dzanja likanirira, amenya ndi linalo likanirira, mwendo ukanirira, mutu womwe. Ku Ghana kwa a mtundu wa Akan nkhani ya kachidole komata ilipo m'nthano za Anansi kangaude uja, ku America kuli kalulu wotchedwa Br'er Rabbit womatidwa ndi chidole cha phula, ndipo amene ankaisimba kumeneko anali anthu akuda amene makolo awo anatengedwa ukapolo. Anansi anakafikanso ku Jamaica ndi dzina lake lomwelo. Apa njira yake ikuchita kuoneka ndi maso, ndi zombo za akapolo, sipakufunika gawo lakuya lililonse. Ndipo mu 2016 Sara Graça da Silva ndi Jamshid Tehrani anatenga njira yomwe amafufuzira ubale wa zamoyo nkuigwiritsa ntchito pa nthano za mitundu ya ku Ulaya ndi ku Asia yolankhula zinenero zachibale, anapeza kuti ija ya wosula zitsulo amene anapusitsa mdyerekezi mwina ili ndi zaka pafupifupi 6,000. Nde nthano zina ndi zongosiyirana kuchokera kwa makolo amodzi.

Nabanda: ija ya Kamba imandiseketsa mpaka pano, munthu wagwidwa kale dzanja koma akuopsezabe kuti ndisiye ndikumenya ndi linali

Mphatso: A Dalitso zoyenda sindikukana. Koma tandiuzeni za Coyote, nyama yonga nkhandwe. Mitundu ya eni nthaka ku North America inali ndi tambwali wake, ena Coyote ena Khwangwala, Azungu ndi akapolo asanafike, ndipo anthu amenewa anali atasiyana ndi a makontinenti ena zaka zoposa 10,000. Khalidwe lake ndi lomwelo, wanjala nthawi zonse, wabodza, woswa malamulo, amapusitsa akuluakulu kenako amadzikola yekha, koma nthawi zina ndi yemweyo amene amabweretsera anthu moto kapena kuwala. Agiriki ali ndi mulungu Hermes amene anaba ng'ombe za mulungu mnzake Apollo tsiku lomwe anabadwa, a ku Scandinavia ali ndi Loki, Ayoruba ali ndi Eshu. Nthano zake ndi zosiyana, sungati anakopera, koma munthu wake ndi mmodzi. Ameneyu anakwera chombo chiti?

Dalitso: Sanakwere chombo, koma sipakufunikanso zachinsinsi. Taonani zomwe munthu aliyense padziko amadutsamo. Amabadwa kwa mkazi ali wopanda mphamvu, kwa zaka zambiri amakhala pansi pa zimphona zomwe zimamudyetsa komanso kumukalipira, nde mayi wachifundo ndi mfiti yoopsa muli nazo kale apa, ndi munthu mmodzi yemweyo kutengera tsiku. Amakula, amayenera kuchoka pakhomo nkukadziimira payekha, ulendo wa ngwazi ndi umenewo. Amaona okalamba akudziwa zomwe iye sadziwa kenako akumwalira, ndiyo nkhalamba yanu yofera pakati pa filimu. Ndipo paliponse pamene pali amphamvu ndi ofooka, ofookawo amakondwa kumva za kanyama kakang'ono kakuchenjerera njovu. Anthu akamakumana ndi mavuto ofanana nthano zawo zifanana basi. Adolf Bastian wa ku Germany, amene Jung anatengako maganizo, ankanena kale m'zaka za m'ma 1800 kuti anthu onse ali ndi maganizo oyambira ofanana koma dera lililonse limawaveka zake. Vuto langa ndi Jung ndi lakuti zake sungaziyese. Nthano ikafanana ati archetype, ikasiyana ati ndi mbali ina ya archetype yomweyo, nde ndi umboni wanji umene ungamugonjetse? Chiphunzitso choti palibe chingachitsutse, kwa katswiri wa filosofi Karl Popper si sayansi.

Mphatso: Zoti sizingayesedwe mmene Jung anazilembera, eya, ndipo m'makalasi ambiri a saikoloje masiku ano amamuphunzitsa ngati mbiri chabe. Koma musafulumire kunena kuti timabadwa opanda kanthu. Mu 1944 Fritz Heider ndi Marianne Simmel anaonetsa anthu kafilimu kakafupi kopanda mawu, kopanda munthu, muli tizinthu titatu tokha, cha makona atatu chachikulu, china cha makona atatu chaching'ono, ndi kena kozungulira, tikuyendayenda pafupi ndi bokosi lokhala ndi kachitseko. Atawafunsa kuti mwaona chiyani, pafupifupi onse anasimba nkhani ya anthu. Wamkuluyo ndi wankhanza, akuvutitsa kamtsikana, wamng'onoyo akufuna kukapulumutsa, athawa limodzi, wankhanza uja apsa mtima nkuphwanya nyumba. Palibe anawauza zimenezo. Kalipo pa YouTube kakaoneni, mupeza kuti nanunso mwayamba kudana ndi chinthu cha makona atatu. Komanso makanda ongobadwa kumene amatsatira ndi maso chinthu chooneka ngati nkhope kuposa chojambula china chosokonekera. Nde ubongo umabwera wokonzeka kuona nkhope, zolinga, wozunza ndi wozunzidwa. Kaya muzitcha archetype kaya ayi koma china chake chilipo.

Dalitso: Apo tikugwirizana, bola tisalumphe kuchoka poti ubongo umaona wozunza nkukatera poti anthu onse ali ndi nthano imodzi. Pali chinanso chimene sitinatchule, wofufuzayo amasankha. Ukatenga mulu wa nthano nkumachotsa chilichonse chosiyana, chotsalacho chifanana basi, nanga chisiyananso bwanji. Tengani za chigumula. Ya Nowa ndi ya Utnapishtim wa m'nkhani yakale ya ku Mesopotamiya ya Gilgamesh, imene George Smith anaiwerenga paphale ladothi ku British Museum mu 1872, zimafanana mpaka mbalame zotumidwa kukaona ngati madzi aphwa, chifukwa ndi za dera limodzi. Koma ku China nkhani yaikulu ya chigumula ndi ya Yu, amene sanakhome chombo, anakumba ngalande zaka 13 kuti madzi apite kunyanja. Uyo akuthawa madzi, uyu akulimbana nawo. Ukangolemba kuti onse ali ndi chigumula wataya chenicheni chomwe anthuwo ankafuna kunena.

Nabanda: Mwandifikitsa pa munthu amene ndili naye chifukwa, Joseph Campbell. Mu 1949 anatulutsa buku lake lotchuka la The Hero with a Thousand Faces nkumati nthano zonse za ngwazi ndi imodzi. Aitanidwa, ayamba wakana, akumana ndi womuthandiza, awoloka malire kulowa dziko lachilendo, ayesedwa, afika pafupi kufa, apeza mphoto, abwerera kwawo. Anazigawa masitepe 17. Zokoma kuwerenga eti, koma tayang'anani mkazi ali pati mmenemo. Ali ngati mulungu wamkazi woti mnyamata akumane naye, kapena woyesa woti amugwetse, kapena mphoto imene. Iye mwini ulendo alibe. Maureen Murdock anachita kulemba lake mu 1990 la ulendo wa mkazi chifukwa cha zomwezo. Komanso zoti ngwazi ichoke yokha ikapambane yokha, si mitundu yonse imaona moyo choncho, nthano zambirimbiri wopambana amapambana chifukwa anachitira ulemu nkhalamba ya zilonda panjira, kapena chifukwa abale ake anamuthandiza, ndipo wodzidalira yekha ndi amene amalangidwa. Akatswiri ambiri a nthano za makolo samuwerengera Campbell chifukwa ankangodula tizidutswa togwirizana ndi zake, nthano zambiri ukaziwerenga zathunthu zimangokhala ndi pang'ono chabe mwa masitepe 17 aja.

Yamie: koma achemwali Star Wars inatchuka ndi zomwezo, ndalama zinalowa ngati mvula

Nabanda: Ndi pomwe pali nkhani Yamie. George Lucas amene anapanga Star Wars anavomera yekha kuti maganizo a Campbell anamuthandiza pa filimu ya 1977 ija. Kenako Christopher Vogler akugwira ntchito ku Disney m'ma 1980 analemba kachikalata ka masamba 7 kofupikitsa Campbell kwa olemba mafilimu, nkudzakasandutsa buku mu 1992, masitepe atsika kufika 12. Kuchokera apo olemba ambiri amachita kuphunzira ndondomeko imeneyo m'kalasi. Nde Thoko ukaona mafilimu a masiku ano akufanana usathamangire ku gawo lakuya la maganizo, mwina olembawo anangowerenga buku limodzi. Yamie sananame kwenikweni.

Yamie: mwamva?? adimini lembani penapake kuti lero ndanena zoona

aPhiri: Kuwonjezera pa zomwe wanena Nabanda, ku China ndi ku Japan kuli kalembedwe kakale ka magawo anayi, ku Japan amati kishōtenketsu. Uyamba, ukulitsa, ubweretsa chinthu chosayembekezeka, kenako ulumikiza zonse. Nkhani imatha kuyenda bwinobwino popanda mdani woti agonjetsedwe. Amene anazolowera kuti nkhani iliyonse ndi nkhondo amaiona ngati yopanda mutu, pomwe eni ake akuikonda.

Nabanda: Ndipo a Mphatso musatibisire mbali inayi ya Jung. Mu 1925 anapita ku Kenya ndi Uganda, anakakhala cha kuphiri la Elgon, koma zina zomwe analemba za anthu akuda nzonyoza zedi, ankawatenga ngati anthu otsalira, ngati kuti Mzungu akafuna kuona mmene maganizo ake analili kalekale azikayang'ana munthu wakuda. Munthu wonena kuti tonse tili ndi gawo limodzi koma nkumatiikanso ena pamwamba ena pansi, zimandinyansa ine.

Mphatso: Sindibisa achemwali, analembadi zimenezo ndipo ngakhale otsatira ake ambiri masiku ano amazikana poyera. Za anima ndi animus nazonso, zoti mwamuna aliyense ali ndi mbali yachikazi mkati mwake ndipo mkazi ali ndi yachimuna, ganizolo lili bwino koma mmene anafotokozera kuti chachikazi nchiyani chachimuna nchiyani ndi mmene akanaganizira mwamuna wa ku Switzerland wobadwa 1875. Zina zomwe ankati ndi za anthu onse zinali za m'nyumba mwake.

Yamie: nanga timafunso ta pa Facebook tija toti ndinu archetype iti, ine tinandiuza kuti ndine Wofufuza, wokonda ufulu koma nthawi zina ndimadzikayikira, ndipo zinali zoona ndithu ndinachita mantha

Dalitso: Kkkk Yamie ndani sakonda ufulu, ndani sadzikayikira? Mu 1948 Bertram Forer anapatsa ophunzira ake mafunso oyeza khalidwe, patapita sabata aliyense anamupatsa pepala lake kuti izi ndi zotsatira zako. Anawauza kuti apereke malikisi kuyambira 0 mpaka 5 kuti pepalalo lawalondola bwanji, avereji inapitirira 4. Kenako anaulula kuti onse anawapatsa zofanana, ziganizo zake anazitola m'kabuku ka zolosera ndi nyenyezi. Zinali zonga zoti umafuna anthu azikukonda, umadzidzudzula kwambiri, kunja umaoneka wolimba koma mkati uli ndi nkhawa. Ndipo mndandanda wa ma archetype 12 umene umazungulira pa intanetiwo sanalembe ndi Jung, iye sanapereke nambala. Unatchuka ndi Carol Pearson, kenako iye ndi Margaret Mark mu 2001 anautengera ku zotsatsa malonda, kuti kampani isankhe ngati izidzionetsa ngati Ngwazi, Wosamalira kapena Wopanduka. MBTI, mafunso ena otchuka oyeza khalidwe, nayonso inachokera pa buku la Jung la 1921 koma anaipanga ndi Katharine Briggs ndi mwana wake Isabel Myers.

Adimini: Tikumbutsane, osatumiza malinki a timafunso timeneto muno, tina timaba ma akaunti. Pitirizani.

Thoko: Nde a Mphatso zonsezi zagwa? Palibe chotsala kwa Jung wanuyo?

Mphatso: Chilipo, ndipo kwa ine chachikulu ndi chithunzithunzi chija. Jung ankati aliyense ali ndi nkhope imene amavala pagulu, ya kuntchito, ya pamaso pa akuluakulu, ndipo zimene sizikukwana pankhope imeneyo amazikankhira kumdima, nsanje, dyera, kufuna kutamidwa, ngakhale luso limene anamuletsa ali mwana. Sizifa, zimakatulukira pa anthu ena. Tiyerekeze munthu amene amadziwika kuti ndi wodzichepetsa, pamsonkhano amakhala kumbuyo, akamuyamikira amati aaa si kanthu. Kuofesi kwabwera wina wolankhula molimba mtima, wonena poyera kuti ntchito iyi ndagwira ndine. Ena onse akungomuona ngati wamatama pang'ono basi, koma wodzichepetsa uja akumuda koopsa, akafika kunyumba nkhani ndi yomweyo, usiku akuwerenga mapositi ake kuti apeze pomunenera. Chizindikiro ndi kukula kwa mkwiyowo, wapitirira cholakwacho. Chikumupweteka nchakuti mnzakeyo akuchita poyera chimene iye amachilakalaka mobisa. Izi sizifuna kuti ukhulupirire zoti tinabadwa nazo, umangodzifunsa kuti bwanji munthu uyu yekha amandinyansa chonchi. Ndipo nchifukwa chake mdani wogwira mtima m'nkhani amafanana ndi ngwazi monga mwanenera achemwali, anakulira m'mavuto omwewo, amafuna chinthu chomwecho, anangosankha njira imene ngwaziyo imaiopa mwa iyo yokha.

Dalitso: Bola osamaopsezera nazo anthu. Nthawi zina munthu umamuda chifukwa ndi woipadi, wina asamakuuze kuti ndi chithunzithunzi chako pomwe munthuyo wakubera.

Mphatso: Eee nchifukwa ndati muyang'ane kukula kwa mkwiyo. Wakubera, wakwiya, palibe chofufuza. Koma sanakulakwire kalikonse iwe tulo osabwera, pamenepo dzifunse.

Thoko: Chomwe ndimafunsira nchakuti ndikulemba kankhani, nde muli agogo ena olangiza mtsikana wanga koma akundituluka ouma, akangotsegula pakamwa mwambi, akangotsegula pakamwa mwambi, mpaka ine mwini ndikumawadumpha powerenga. Ndiwachotse?

aPhiri: Usawachotse mwana wanga, uwapatse njala yawoyawo. Wolemba amene wangophunzira kumene ma archetype amalemba udindo nkuiwala munthu. Nkhalamba yanzeru ndi ntchito chabe imene wina akugwira m'nkhanimo, Propp yemwe anaona kuti munthu mmodzi atha kugwira ntchito zingapo ndipo ntchito imodzi atha kugawana anthu angapo. Nde agogo akowo akufuna chiyani iwowo? Mwina akumuuza mtsikanayo kuti asapite chifukwa akuopa kutsala okha, mawu ndi anzeru koma cholinga ndi dyera. Mwina malangizo awo anali oona ali atsikana iwowo, lero amulowetsa mwana m'mavuto. Mwina nzeru yeniyeni aipeza kwa kamwana kamwano koyandikana nako nyumba, agogowo nkukhala tambwali wa nkhaniyo. Owerenga amabwera akuyembekezera kale chimene nkhalamba ichite, iwe utha kuwapatsa mochedwa kapena kuwamana kumene, koma uzilemba ukudziwa kuti akudikira.

Nabanda: Komanso asafe pakati pa nkhani chonde, tatopa nawo maliro a alangizi. Amawapha chifukwa wolemba sadziwa kuti mwana angakule bwanji wamkulu ali moyo, pomwe chovuta chenicheni ndi chimenecho, kumutsutsa munthu amene anakulera ali pompo akukuyang'ana.

Dalitso: Ndipo ngati agogowo akhale tambwali, Thoko uganizire mathero ake. Timati Kalulu, Hermes ndi Loki ndi mmodzi koma taonani kumene anathera. Kalulu kawirikawiri amapulumuka tonse nkuseka. Hermes anapatsidwa malo pakati pa milungu nkukhala mthenga wawo. Loki anamumangirira pathanthwe njoka ikumudonthezera ululu kumaso chifukwa cha imfa ya mulungu wina dzina lake Baldr. Mitundu itatuyi ikulimbana ndi funso limodzi loti tichite naye chiyani munthu wochenjera woswa malamulo, ena amuseka, ena amupatsa ntchito, ena amumanga. Iwe agogo akowo uwatani?

Thoko: Aaa ndaganiza. Kalata yoitana mtsikanayo kusukulu ya kutali inabwera kale, anaibisa ndi agogowo, nde tsiku lililonse akumamutonthoza kuti dikira mwana wanga zabwino sizifulumira. Miyambi yonse ija ndingoisiya mmene ilili, owerenga akadzadziwa za kalatayo adzaimva mwina. Aipeza mu chaputala chachitatu.

Nabanda: Ehee. Koma asaipeze yekha pofufuza, zimenezo taziona kambiri. Mng'ono wake ajambule kanthu kuseri kwa pepalalo nkubwera kudzamuonetsa mosadziwa, agogo ali pomwepo.

Mphatso: Ndipo agogowo asapepese msanga. Kwa iwo sanabe kanthu, amamuteteza mwana, ndipo mwina penapake m'nkhanimo kukhale kuti mantha awo anali ndi maziko.

Yamie: chaputala chachitatu chikatha mutumize muno achemwali, ine ndikufuna ndione ngati agogo amenewa avomere kapena aikana kalata ili m'manja